Ulusi Wofiira pa Ramu Yodwala

Mayeso anali atafika pakati pomwe sikirini ya laputopu ya Tisauke inasanduka yabuluu.

Sikanali koyamba kutero. Nthawi zina inkachita zimenezi iye akulemba zoyeserera, ndipo ankangoizimitsa n'kuiyatsanso. Koma tsiku limeneli anali pa mayeso omaliza a satifiketi ya makompyuta, olembera kunyumba pa intaneti, kamera ikumuyang'ana ngati mphunzitsi wosaphethira. Lamulo la koleji linali lomveka bwino: ukachoka pa sikirini, watuluka m'chipinda cha mayeso.

Pomwe laputopu imadzukanso, khomo linali litatsekedwa.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima uli pansi, taonani nthabwala za dziko lino. Mtsikana walephera mayeso a kompyuta, womulepheretsa n'kukhala kompyuta yomweyo. Mayankho anali nawo m'mutu. Woiwala anali makina.

Anaimbira foni ku koleji. Mayi amene anayankha anamumvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, “Tizakupasani mpata umodzi chabe, pa Chisanu sabata yamawa. Ikazimanso, muzayamba kosi yonse pa chiyambi.”

Kuyambiranso kunali kosatheka. Kosiyo inali itadya kale zaka ziwiri za tomato amene Tisauke ankagulitsa m'mphepete mwa msewu pa Chongwe.

Kuti mumvetse mantha ake, muyenera kudziwa kumene anachokera.

Tisauke anabadwa mapasa ndi mnzake Peace, ku Kanakantapa, kwa makolo amene anachokera ku Katete kudzafuna munda. Anawo ankafanana moti ngakhale mayi wawo ankawasokoneza, mpaka anamanga ulusi wofiira padzanja la Peace. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Peace anadwala malungo. Kuchipatala anadula ulusi uja poika diripi. Mwanayo sanabwerere kunyumba wamoyo.

Uthenga unafika ku Katete utapotoka. Achibale anatsika basi n'kuyamba kulira ali pamsewu: “Tisauke mwana wathu, watisiya bwanji!” Tisauke anali atakhala pakhonde, wamoyo, akumvetsera maliro ake.

Atazindikira cholakwacho anasintha dzina n'kupitiriza kulira. Koma mayi wina wachibale ananong'oneza mnzake, osadziwa kuti mwana akumva: “Mapasa ndi munthu mmodzi. Wina akapita, wotsalayo sachedwa.”

Apa mayiyo analosera molakwika kwambiri, chifukwa kuchedwa ndiyo inali mphatso ya Tisauke.

Ankachedwa kudya, kuyenda, kumva masamu. Bambo ake anamwalira, mayi ake n'kutsatira iye ali giredi sikisi, koma iye anachedwabe kuwatsatira. Anamutenga ndi mayi ake aang'ono, ba Ednah, amene anakwatiwa ndi bambo wa Chitonga wokhala ndi mwana wake wamkazi, Twaambo. Atsikana awiriwa anali amsinkhu umodzi, ndipo kufanana kwawo kunathera pomwepo. Twaambo anali wamtali, wamiyendo yothamanga ndi pakamwa pothamanga. Popita kusukulu ankatsogola, n'kuima pamphambano akudandaula, Tisauke akafika iye n'kutsogolanso. Anamupatsa dzina loti Ba Mailo. M'chinyanja cha m'tauni, mailo ndi mawa, komanso ndi dzulo. Tsiku lokhalo limene liwuli silifikako ndi lero.

Twaambo anakhoza giredi thwelofu kamodzi n'kamodzi, anaphunzira za mkaka, napeza ntchito pa famu ina ku Palabana. Tisauke analephera, nabwereza, nalepheranso masamu, nabwerezanso mpaka anakhoza. Kenaka anagulitsa tomato ndi masamba a repu mpaka anagula laputopu yakale n'kulembetsa kosi ija.

Madzulo a tsiku la sikirini yabuluu, ba Ednah anamupeza atakhala pa thumba la chimanga, laputopu ili pamiyendo.

“Mwana wanga, ichi chintu chakukana,” anatero. “Mwina Mulungu akamba ati iwe ni wa tomato.”

“Ba mami, Mulungu sakamba na sikirini yabuluu.”

“Uziba bwanji? Anakambapo na bulu.”

Tisauke anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi.

M'mawa mwake anakwera minibasi kupita kwa ba Boyd, bambo wamagalasi amene amakonza mafoni ndi makompyuta m'kontena kuseri kwa msika wa Chongwe. Ba Boyd analowetsa fulashi yokhala ndi pulogalamu yopimira, n'kudikira. Posakhalitsa mizere yofiira inayamba kutsika pa sikirini.

“Ni ramu,” anatero.

“Ramu ndiye chani maningi? Ku kosi tinailemba chabe mu noti.”

“Imwe mugulisa tomato? Muli na mabokosi kumbuyo, muli na tebulo kusogolo. Mabokosi ni kosungila. Tebulo ni ramu, pamene kompyuta iyika vamene isebenzesa manje manje. Tebulo yanu ili na thabwa yowola. Ikaikapo katundu yambiri, vigwa.”

Anamasula chivundikiro cha pansi. M'katimo munali timatabwa tiwiri tobiriwira, tating'ono ngati chala, tili ndi mano agolide m'mphepete. Tinkafanana ndendende, ngakhale zilembo zake.

“Aya ni mapasa,” anatero ba Boyd. “Anachokela pamodzi ku fakitale. Umodzi akadwala, tichosa onse, tiika ena abili olingana.”

“Muli nayo?”

“Ya mutundu wakale uyu yanisila. Ningaitanise kwa munzanga ku Lusaka, koma olingana bwino bwino azafika kumapeto kwa mwezi.”

Kumapeto kwa mwezi kunali kutali kuposa Lachisanu. Tisauke anayang'anitsitsa timatabwa tija.

“Nanga wamene sanadwale, alakwa chani?”

Ba Boyd anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake analeka. “Sisi, ni maramu chabe aya.”

“Niziba. Niyankheni chabe.”

Bamboyo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Anafotokoza kuti nthawi ina anasakaniza maramu osiyana m'kompyuta ya mphunzitsi wina, inagwira sabata imodzi n'kuyamba kuzima, ndipo mphunzitsiyo anadzamulalatira msika wonse ukumva.

“Vosakaniza nthawi zina visebenza, nthawi zina vikana,” anatero. “Ine sinifuna dzina yanga pa nthawi zina.”

“Ikaniponi yanga.”

Ba Boyd anamukankhira sukuludiraiva ndi mpando. “Ni laputopu yanu. Chosani batire poyamba. Gwilani m'mbali, osati pa golide.”

Tsopano nachi chilape, inu okonda zilape. Pali mapasa awiri ofanana, mmodzi akudwala, ndipo onse sayankhula. Wodwalayo mumudziwa bwanji?

Yankho lake ndi lopweteka koma ndi losavuta: muwalekanitse.

Tisauke anachotsa ramu imodzi n'kupima yotsalayo payokha. Pulogalamuyo inayenda pang'onopang'ono, iye akuluma zikhadabo, koma mzere wofiira sunaoneke. Anasinthanitsa. Yachiwiriyo isanapite patali, sikirini inafiira.

“Wapezeka,” anatero ba Boyd.

Tisauke anachotsa yodwalayo n'kuiika pathebulo kumanzere, yabwino ili kumanja, kuti apukute fumbi m'mabedi momwe maramu amagona. Nthawi yomweyo analowa mayi wina amene foni yake inagwera m'chidebe. Anaponya chikwama pathebulo, chikwamacho n'kukankha timatabwa tonse tiwiri mpaka tinagundana pakona.

Tisauke anatitola. Kena kudzanja ili, kena kudzanja ilo. Tobiriwira tonse, zilembo zofanana.

Sanathe kudziwa kuti kamoyo ndi kati.

Anamvanso mawu aja akuchokera pamsewu, akulira dzina la mwana amene wakhala pakhonde. Anazindikira kuti akanatha kutaya yabwino n'kupita ku mayeso ndi yodwala, ali ndi chikhulupiriro chonse.

“Nakuuzani, mapasa ni vuto,” anatero ba Boyd, osadziwa kuti akuyankhula ndi ndani.

Anayambiranso kupima. Pamene ankadikira, funso lina linamubwerera.

“Ba Boyd, nanga ngati wodwala si ramu, koma ni bedi yamene agonapo?”

“Eya, ivo vichitika. Yesani yonse ibili.”

Anayesa. Yabwino inali yabwino pa bedi lililonse. Yodwala inkafiira paliponse pomwe waigoneka. Dzuwa linali litapendeka pamene anatsimikiza. Ndipo asanachite china chilichonse, Tisauke anasolola ulusi wofiira m'mphepete mwa chitenje chake n'kuumanga pa ramu yodwalayo, mfundo ziwiri.

“Iyo ni ya chani?” anafunsa ba Boyd.

“Kuti tisalile dzina yolakwika.”



Laputopu inayaka ndi ramu imodzi yokha, ndipo buluu uja sanabwerenso. Tisauke anatsala pang'ono kuvina. Wotsala yekha anali kuyenda.

Chimwemwecho chinatha atatsegula pulogalamu ya mayeso oyeserera, kamera n'kuyaka. Kamuvi ka pa sikirini kanayamba kukwawa. Akalemba liwu, zilembo zinkatuluka iye atafika kale pa liwu lachitatu. Thebulo linali lolimba tsopano, koma linali theka. Pa mayeso owerengera nthawi, makina otere akanamupha mwaulemu, popanda buluu.

“Yeka siingakwanise,” anatero ba Boyd. “Ifuna munzake.”

Masiku otsatira Tisauke anasiya tomato m'manja mwa ba Ednah n'kuyamba kusaka makompyuta akufa. Mudzadabwa kuchuluka kwa makompyuta akufa amene anthu amasunga pansi pa bedi, poyembekezera kuuka kwa akufa.

Ku ofesi ya tchalitchi anamulola kutsegula kompyuta yakale ya pathebulo. Ramu yake inali yaitali ngati rula. Sakanaiika m'laputopu ngakhale atapemphera.

Namwino wina wopuma ntchito anamupatsa laputopu yosweka sikirini, yatsopano kuposa yake. Ramu yake inali yaifupi bwinobwino, ndipo Tisauke anathamanga nayo ku kontena. Koma pakati pa mano agolide aja pamakhala kampata kamene kamayenera kukumana ndi kachitunda ka m'bedi. Kampata ka iyi kanali pena. Anaitembenuza, anaipendeketsa, kenaka anayamba kukankha ndi chala chachikulu.

“Osakakamiza!” anakuwa ba Boyd. “Muzathyola bedi, ndiye vonse vasila. Chamene sichingena na mutendere si chanu.”

Anamuonetsa zilembo za pa kapepala kamene kamamatidwa pa ramu. Yake inalembedwa DDR3L. Ya namwino inali ya m'badwo wina. Tsiku limenelo Tisauke anaphunzira kuti pali zinthu zimene ziyenera kufanana zivute zitani: m'badwo, utali, ndi mphamvu ya magetsi imene ramu imadya. Zina zonse, monga mtundu wa utoto, dzina la fakitale, kukula kwa thebulo ndi liwiro, ndi zokambirana.

Koma kudziwa sikudzaza bedi. Lachiwiri linadutsa. Chakudya chinaleka kulowa. Akatseka maso ankaona buluu.

Lachitatu m'mawa ba Ednah anati, “Nanga Twaambo? Si ali na ija laputopu yamene inamwa mukaka?”

Tisauke ankaidziwa laputopuyo. Anaiganizira kuyambira tsiku loyamba. Koma Twaambo sankadziwa za kulepheraku, ndipo pa Khirisimasi yapita, anthu akuseka pathebulo, iye ananena kuti, “Ba Mailo, nizakudikilani mpaka liti? Natopa.” Onse anaseka. Tisauke anasekanso, koma mawuwo anawasunga ngati minga yothyokera m'phazi.

“Sinifuna kumuvutisa,” anatero.

“Ndiye vutisa ine na tomato yako yamene iwola,” anayankha ba Ednah. “Nyamuka.”

Anakwera maminibasi awiri, namaliza ulendo wapansi pakati pa mipanda ya mawaya ndi fungo la ndowe. Anamupeza Twaambo atavala magambuti oyera, akutsuka zitini za mkaka.

“Ba Mailo! Mwafika lelo? Ndiye kuti dziko yasila.”

Tisauke anayesa kumwetulira koma milomo inakana. Anafotokoza zonse ali chiimire: buluu, foni ya ku koleji, ulusi, Lachisanu. Twaambo anatseka mpopi.

“Sabata yonse? Uzunguluka Chongwe yonse kupempa ku bantu, ine nilipo?”

“Nenze na nsoni.”

“Nsoni na ine? Ine wamene nenze kukuchapila mayunifomu?”

“Unakamba ati watopa kunidikila.”

Twaambo anaponya burashi m'chitini, madzi n'kuthovukira pa magambuti. “Iwe, nakamba ivo kuchokela giredi sikisi. Unanionapo nayenda?”

Tisauke anaganizira za mphambano ya kusukulu ija. Pa zaka zonsezo ankangokumbukira kudandaula kwa munthu woima pamenepo. Sanaganizirepo kuti munthuyo anali ataima.

Laputopu ya Twaambo inali pamwamba pa kabati, ikununkhabe mkaka wosasa kuchokera tsiku limene mwana wa ng'ombe anagunda chidebe. Tisauke anatulutsa sukuludiraiva imene anabwereka kwa ba Boyd, nachotsa batire, namasula chivundikiro. M'katimo munali ramu imodzi, yakuda, ya fakitale ina. Pa kukula kwa thebulo inali ya magiga asanu ndi atatu pomwe yake inali ya anayi, ndipo nambala ya liwiro inali yokwera. Palibe amene akanazitcha mapasa.

Anaiyandikiza kumaso n'kuwerenga kapepala. DDR3L.

“Ni chani? Waona chipuku cha kumanda?” anafunsa Twaambo.

“Naona chibale.”

Lachinayi onse awiri anafika ku kontena, Twaambo atapempha tchuthi ponama kuti dzino likumuwawa. Ba Boyd anatembenuza ramu yakudayo, anainunkhiza, nakwinya mphuno.

“Iyi ni ramu olo ni mabisi, mukaka wosasa?”

“Ni ya ku famu, ba Boyd, ili na mavitamini,” anatero Twaambo.

Tisauke anapukuta mano agolide aja mosamala, anailowetsa m'bedi lopanda kanthu, anabwezera batire, nadina batani.

Fani inalira. Kagetsi kanayaka. Sikirini inakhala yakuda.

Anadikira. Yakudabe.

Twaambo, amene sanasowepo chonena chibadwire, anagwira pakamwa. Kunja mayi wina ankaitanira makasitomala a chimanga chowotcha ngati kuti dziko lili bwinobwino. Mawa linali Lachisanu. Kunalibenso kompyuta yakufa imene Tisauke ankaidziwa.

Anazimitsa, anachotsanso batire, natsegula. Anayang'ana ramu yobiriwira, nayang'ana yakuda. Yobiriwirayo inagona pansi, timawaya tiwiri ta m'mbali titaigwira. Yakudayo inali itadzutsa mutu pang'ono, ndipo nsonga za mano agolide zinkaonekabe kunja.

Anali atamvera ba Boyd mopitirira muyeso. Poopa kukakamiza, sanaikankhe mokwanira.

Anaichotsa, anailowetsa mopendeketsa mpaka golide yense anabisika, kenaka anaitsindikira pansi. Timawaya tija tinati ka!

Anadinanso batani. Fani inalira. Mdima. Kenaka dzina la laputopu linatulukira pakati pa sikirini, loyera.

Twaambo anakuwa mpaka mayi wa chimanga anasuzumira pakhomo.

Ba Boyd anatsegula tsamba loonetsa za m'kati mwa makina. Magiga khumi ndi awiri. Analoza nambala ina pansi pake.

“Onani apa. Iyi yakuda ili na liwilo kupambana iyi yanu. Koma yaona kuti munzake sangakwanise, ndiye yabwelela pansi. Maramu osiyana ayenda pa liwilo ya wochedwa.”

“Ba Boyd,” anatero Twaambo, “uyo ni umoyo wanga mwaika pa sikirini.”

“Ndiye iluza?” anafunsa Tisauke.

“Iluza pang'ono. Imwe simuzaona na kuona. Koma osasekelela. Kuyaka si kupola.”

Analowetsanso fulashi ija. Masana onse atatuwo anakhala akuyang'ana pulogalamu ikuyenda m'thebulo lonse, thabwa ndi thabwa. Twaambo anagula chimanga, koma cha Tisauke chinazizirira m'manja. Galimoto yofiira ikadutsa kunja n'kuwalira pa sikirini, mtima wake unkadumpha. Pulogalamuyo inamaliza, ba Boyd anaibwereza, inamalizanso. Mzere wofiira sunaoneke.

“Nikambe zoona,” anatero ba Boyd. “Olingana ni bwino kupambana, ivo sinizasintha. Aba sininga balumbilile. Koma lelo bamvelana.”

“Nifuna chabe bamvelane na mailo,” anatero Tisauke.

Lachisanu analembera m'kontena momwemo, chifukwa netiweki ya pa Chongwe inali yodalirika kuposa ya kumudzi. Lamulo linkati pa kamera pasaoneke munthu wina, choncho ba Boyd anatseka bizinesi n'kukakhala panja pa kireti. Twaambo anaima pakhomo ngati mlonda, akubweza makasitomala ndi manja.

Mayeso anayamba. Kamera inayaka. Kamuvi kankathamanga. Zilembo zinkatuluka chala chikangogunda.

Gawo loyamba linadutsa. Lachiwiri linali lija la matebulo a manambala, pomwe buluu anamupezera. Tisauke analemba yankho loyamba, lachiwiri.

Sikirini inachita mdima.

Manja anauma pamwamba pa mabatani. M'mutu mwake mayi uja wa pamaliro anali atayamba kale kunong'ona.

Koma inu okonda zilape, yang'anani bwino. Mdima si buluu. Zilembo zinalipobe, zofooka chabe. Kagetsi ka kamera kanali kakuyaka. Fani ya padenga la kontena ndiyo inali ikuima pang'onopang'ono, ndipo kunja wometa tsitsi ankatukwana makina ake amene anazima pakati pa mutu wa munthu. Magetsi anali atapita, laputopu n'kutembenukira ku batire. Intaneti inkachokera pa foni yake. Palibe chimene chinafa.

Anapuma mpweya wautali, anawalitsa sikirini, napitiriza.

Anamaliza funso lotsiriza wotchi ya mayeso itafiira kale, monga mwa chikhalidwe chake. Anadina potumizira. Uthenga unabwera woti mayankho alandiridwa.

Atatsegula chitseko, Twaambo anamugwira mapewa. “Vayenda shani? Kamba!”

“Bamvelana.”

Twaambo anamukumbatira mpaka kumunyamula. Kenaka anapukuta maso n'kunena kuti ndi fumbi la pa Chongwe. “Wachedwa kuchoka,” anatero. “Miyendo yanibaba.”

Tisauke anakhoza. Sanakhale woyamba, ndipo nkhaniyi si ya oyamba. Lero amagwira ntchito pa ofesi ya gulu la alimi a ndiwo zamasamba ku Kanakantapa, ndipo Loweruka amakhala pa benchi ya ba Boyd akutsegula malaputopu a anthu. Kasitomala akafunsa ngati maramu ayenera kufanana, amayankha zoona: mukapeza ofanana, tengani ofanana, mudzagona tulo. Mukapanda kuwapeza, onani m'badwo, utali ndi magetsi, musakakamize, musaope kutsindika, ndipo pimani musanakhulupirire.

Mapasa a ku Lusaka aja anafika ndithu, patapita nthawi yaitali kuposa imene inalonjezedwa. Ba Boyd anamufunsa Tisauke ngati akufuna kusintha. Iye anakana. M'laputopu yake mudakali yobiriwira ndi yakuda, ndipo ikatentha kwambiri imamvekabe kafungo ka mkaka.

Ramu ya ulusi wofiira sanaitaye. Ili m'kachikwama kake. Pali zinthu zimene zinaleka kugwira ntchito koma sitizitaya.

Mwina inunso munali ndi wofanana naye: m'bale, mnzanu wa pamtima, mwamuna kapena mkazi amene munkati munachokera naye fakitale imodzi. Mwina anapita, ndipo anthu anayamba kukulirani mudakali pakhonde. Musawakhulupirire. Dzipimeni panokha muone ngati ndinudi wodwalayo. Mukapeza kuti muli bwino koma katundu wakuchulukirani, musachite manyazi kufuna wokuthandizani, ndipo musadikire wofanana ndi amene munataya, chifukwa ameneyo akhoza kufika mayeso atadutsa. Yang'anani pamphambano. Mwina pali wina wosiyana nanu m'zonse, wodandaula, wapakamwa, amene wakhala ataima pamenepo zaka zonsezi.

Ndipo inu othamanga, kubwerera pansi chifukwa cha mnzanu si kuluza kwenikweni. Simudzaona n'komwe.

Anati wotsala sachedwa. Tisauke anachedwa, ndipo adakalipo. Inunso chedwani ngati n'koyenera, koma mufike. Sikirini ikada, yang'anani kawiri musanalire, ndipo mtima wanuwo musautaye.